Mankhwala Othira mu Petulo ndi Kabuleta ya Pampu Yothiririra

Mvula ikayamba, alimi ambiri a m'madimba amakasunga pampu zao m'nyumba, petulo wotsala ali m'thanki momwemo. Pampuyo imakhala yosalira miyezi 5 kapena 6. Pofika Meyi kapena Juni, pamene mbeu za m'dimba zikufuna madzi, injini imavuta kulira. Ikalira imangokweza ndi kutsitsa liwu, ndipo imazima choki ikangobwezedwa. Kawirikawiri vuto limakhala m'kabuleta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya.

Petulo amayamba kuguga pakatha mwezi umodzi. Mbali yake yopepuka imauluka, ndipo yotsalayo imasanduka utomoni umene umamatirira m'timabowo ta kabuleta, totchedwa majeti. Jeti yoyendetsa injini pang'onopang'ono ndi yochepa kuposa theka la milimita, choncho sichedwa kutsekeka.

M'chigawo chino muli chifukwa chinanso. Dziko la Zimbabwe linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wa ku Triangle mu 1980, ndipo Malawi anayamba mu 1982 ndi ethanol wa ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. Madziwo akachuluka amatsikira pansi pa thanki ndi pa kambale ka kabuleta, kumene amayambitsa dzimbiri ndi timibulu toyera ngati phulusa. M'galimoto loyenda tsiku ndi tsiku izi sizioneka kwenikweni. Zimaonekera m'injini yokhala nyengo yonse ya dzinja pakona.

Mankhwala othira mu petulo alipo a mitundu iwiri, ndipo ogula ambiri saisiyanitsa. Ena ntchito yao ndi kuchedwetsa kuguga kwa petulo. Amathiridwa mu petulo watsopano pampu isanasungidwe, ndipo sangakonze petulo woguga kale. Ena ndi otsuka: amasungunula utomoni pang'onopang'ono pamene petulo akudutsa m'timabowo. Mwa otsukawa, amene ali ndi polyetheramine, yolembedwa PEA pabotolo, ndiwo amadziwika kuti ndi amphamvu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mankhwala otsuka amafika pokhapo pamene petulo akufika. Ngati injini ikulirabe, ngakhale modukiza, mwayi ulipo. Ngati jeti yatsekekeratu, mankhwalawo amangoima pakhomo, ndipo ndalama yapita pachabe. Komanso sasungunula mchenga, dzimbiri kapena timibulu toyera tija, ndipo sabwezeretsa mphira wouma kapena wong'ambika.

Mlimi wofuna kuyesa ayambe wakhuthula petulo wakale m'thanki, namasula kabawuti ka pansi pa kambale kuti madzi ndi zinyalala zituluke. Ayang'anenso sefa ya mpweya ndi pulagi, pakuti nazonso zimalepheretsa injini kulira bwino. Kenaka athire petulo watsopano wosakaniza ndi mankhwala, nalize injini ikupopa madzi. Pampu yolira yopanda madzi imaononga chisindikizo chake chotseka madzi.

Muyeso ndi umene umasokoneza ambiri. Mabotolo ochuluka anapangidwira thanki ya galimoto, pamene thanki ya pampu yaing'ono imalowa malita 3 kapena 4 okha. Mwachitsanzo, ngati botolo la mamililita 300 lalembedwa kuti ndi la malita 60, ndiye kuti lita imodzi ifuna mamililita 5, ndipo thanki ya malita 3 ifuna mamililita 15. Kukhuthulira botolo lonse m'kathanki kotere sikufulumizitsa kutsuka; injini ikhoza kungofuka utsi kapena kukaniratu kulira.

Matanki awiri akatha popanda kusintha, kabuleta ipite kwa makaniko kuti akaimasule, aitsuke ndi kuiuzira mpweya wamphamvu. Chizolowezi chotokosa jeti ndi singano n'choipa: bowo likakula, injini imamwa petulo wambiri mpaka jetiyo itasinthidwa. Ndipo kuyesaku kuchitike mbeu zisanadzalidwe. Chimanga chikamamasula ndi kutulutsa ndevu sichipirira ludzu. Masiku ochepa opanda madzi pa nthawi imeneyi amasiya zisononkho za njere zapatalipatali. Amene pampu yake yafooka chimanga chili pamenepa asataye masiku ndi botolo, athamangire kwa makaniko.

Nyengo yothirira ikatha, mlimi atseke kampopi ka petulo injini ikulira mpaka izime yokha, akhuthule kambale ndi thanki, ndipo achite zimenezi panja, injini itazizira, kutali ndi moto wa kukhitchini.