PHUNZIRO LA CINGEREZI: LIU LAKUTI "LIVE"

Mwezi uno tiphunzire liu limodzi lalifupi, la zilembo zinai zokha, ndilo live. Ena a inu mwaliona lolembedwa pa cikwangwani ca magetsi m'mbali mwa mseu, ndipo mwapitirira osalisamala; koma liyenera kudziwika, pakuti kulidziwa kungathe kulanditsa munthu ku imfa.

Poyamba zindikirani kuti Angerezi alilemba mofanana, koma alichula pawiri. Akati "livi," ndiko kukhala pamalo, kapena kukhala ndi moyo. Munthu wa ku Dedza ati, I live in Dedza. Koma akati "laivi," anena za cinthu camoyo, cosafa. Nkhuku yogulitsidwa isanaphedwe ndiyo live chicken. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa pamodzi azicha livestock. Mumvanso pa wailesi kuti mpira uulutsidwa live, ndiko kuti mulikumva zocitika nthawi yomweyo, si zojambulidwa dzulo ai.

Tsono pali kanenedwe kena kamene katithandiza koposa. Khala limene mukali moto alicha live coal. Amai onse adziwa kuti mamawa phulusa la pamafuwa lioneka lozizira, koma mwana akapisamo dzanja, apsa. Momwemonso waya wa magetsi. Waya amene muli mphamvu amucha live wire, ndipo amene mphamvu yacotsedwamo amuti dead, ndiye wakufa. Koma ndi maso simungathe kusiyanitsa awiriwo. Saturutsa utsi, safiira. Nzodabwitsatu kuti liu lonena za moyo ndilo analipatsa waya wakupha!

Magetsi a m'nyumba za ku Malawi ali ndi mphamvu ya mavolti 230, ndiyo yokwanira kuimitsa mtima wa munthu wamkuru, makamaka akakhala wosabvala nsapato, pansi pali ponyowa. Mukatsegula pulagi ya mano atatu mupezamo zilembo L, N ndi E. L ndiye live. Waya wace ngwa mtundu wa khofi, ndipo alowa ku dzanja lamanja, kumene kuli fyuzi. Wa N ngwa mtundu wa thambo. Wa E, amene ataya mphamvu yosokera m'nthaka, ali ndi mizere yobiriwira ndi yacikasu, nalowa pa dzino lalitali. M'makoma a nyumba zomangidwa kale waya wa live ngwofiira, wa N ngwakuda.

Pano cherani khutu. Switchi iyenera kuikidwa pa waya wa live. Mmisiri wosaphunzira bwino akaiika pa waya wa N, babu lizimadi, ndipo mwini nyumba ayesa kuti zonse zafa. Koma pocomeka babupo mphamvu ikalipobe, monga khala lija m'phulusa. Cifukwa cace musanakonze kanthu, yambani mwazima pa bokosi lalikuru la nyumba yonse.

Wina adzafunsa, Nanga bwanji akhwangwala atera pa waya, osafa? Nkuti mphamvuyo ifuna njira yopita pansi, ndipo mbalame yogwira waya mmodzi yekha siipatsa njira. Munthu woima panthaka ndiye njira imene.

M'nyengo ya dzinja mphepo igwetsa mitengo, ndipo mawaya aduka, nagona m'munda kapena panjira. Ena a iwo anyamula mavolti 11,000, ena 33,000. Waya wotere mumuyese live, ngakhale mudzi wonse uli mumdima, popeza magetsi angabwerenso osacenjeza. Musamuyandikire, kapena kumuponya ndi ndodo. Letsani ana ndi ziweto, ndipo mutumize mau kwa a ESCOM. Munthu akagwidwa ndi magetsi m'nyumba, musamukoke ndi manja, mungagwidwe nonse awiri. Thamangani kukazima pa bokosi lija, ndipo likakhala patali, mumukankhe ndi mtengo wouma, mutaima pouma, ndi kupita naye ku cipatala.