Cham'mimba Chopitirira Muyeso: Matenda a Endometriosis ndi Chithandizo Chake

MAU OYAMBA

M'Miphakati yathu ya ku Soche, Zingwangwa, Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri muli amayi ndi atsikana amene mwezi ndi mwezi amagona masiku awiri kapena atatu chifukwa cha ululu wa nthawi ya kumwezi. Mtsikana amajomba kusukulu, mayi amasiya benchi lake pa msika lili lovundikira. Ife timangoti, "Pirira mwanawe, zidzatha ukadzakwatiwa." Ndipo ngati mphatso ya mwana yachedwa m'banja, mlandu wonse timaukankhira kwa mkazi.

Cholinga cha phunziro lino ndi chakuti tidziwe kuti ululu wotere ukhoza kukhala matenda, ndiponso kuti chithandizo chake chilipo.

KODI MATENDAWA NDI OTANI?

M'kati mwa chiberekero muli kachikopa kofewa kamene kamakhuthala mwezi uliwonse, kenako nkutuluka ngati msambo. Mwa amayi ena timinofu tofanana ndi kachikopa aka timamera kunja kwa chiberekero: pa timatumba ta mazira, pa njira za mazira, pa matumbo kapena pa chikhodzodzo. Nthawi ya kumwezi ikafika timinofuti timatupa ndi kutulutsa magazi, koma magaziwo alibe potulukira. Motero m'mimba mumapangika zipsera, ndipo ziwalo zina zimamatirirana. Matenda amenewa madokotala amawatcha endometriosis.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwa amayi 10 aliwonse a msinkhu wobereka, mmodzi ali ndi matendawa. Pa dziko lonse ndi amayi pafupifupi 190 miliyoni. Chiyambi chake chenicheni akatswiri akufufuzabe. Mu 1927 Dr John Sampson wa ku America adafotokoza kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'njira za mazira nkukagwera m'mimba. Zadziwikanso kuti matendawa amakonda kuyenda m'magazi a pa mtundu. Si matenda opatsirana pogonana, si khansa, ndipo si ufiti.

ZIZINDIKIRO ZAKE

1. Cham'mimba choopsa cholepheretsa munthu kugwira ntchito.
2. Ululu pokhala malo amodzi m'banja.
3. Ululu pochita chimbudzi kapena pokodza, makamaka nthawi ya kumwezi.
4. Kutaya magazi ambiri ndi kufooka.
5. Kuvutika kutenga pathupi.

TIYAMBIRE KUTI?

Tiyambire pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, monga cha Zingwangwa, Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena South Lunzu. Mayi atenge buku lake la kuchipatala, ndipo ndi bwino kuti akhale atalemba masiku amene ululu udayamba ndi kutha kwa miyezi itatu. Afotokoze zonse mopanda manyazi. Ngati vuto likupitirira, apemphe kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a matenda a amayi. Kumeneko amamuyeza ndi kumuunika ndi sikani. Tidziwe kuti timinofu tating'ono sitioneka pa sikani, choncho dokotala akhoza kuyambitsa mankhwala potengera zizindikiro zokha.

CHITHANDIZO CHA MANKHWALA

Mankhwala ochiziratu matendawa sadapezeke, koma alipo ochepetsa ululu ndi oletsa timinofuti kukula.

Oyamba ndi opha ululu monga Brufen. Amagwira bwino ntchito akayamba kumwedwa tsiku limodzi msambo usanayambe, ndipo amwedwe munthu atadya. Amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso afunse kaye dokotala.

Achiwiri ndi mankhwala a mahomoni, amene amachepetsa kapena kuimitsa msambo kuti timinofu tija tipume. Ena ndi mapiritsi, ena ndi jakisoni wa miyezi itatu, palinso lupu yokhala ndi mahomoni. Kuli mankhwala ena amphamvu oimitsa msambo kotheratu, koma kawirikawiri saperekedwa kupitirira miyezi isanu ndi umodzi chifukwa amafooketsa mafupa.

Ambiri mwa mankhwala a mahomoniwa ndi omwe aja amagwiritsidwa ntchito polera, ndipo apa akhristu ena amada nkhawa. Tikumbuke kuti Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi, m'kalata yake ya Humanae Vitae ya mu 1968, ndime 15, adaphunzitsa kuti Mpingo suletsa chithandizo chofunika pochiza matenda a m'thupi ngakhale chitalepheretsa kubereka, malinga ngati kuletsa kuberekako sindiko cholinga. Amene mtima ukumuvutabe akambirane ndi Abambo a pa parishi.

CHITHANDIZO CHA OPALESHONI

Dokotala amaganizira za opaleshoni pamene mankhwala alephera, pamene pa thumba la mazira pali chotupa chachikulu, kapena pamene banja likufuna mwana koma ziwalo zamatirirana. Mankhwala a mahomoni sathandiza kutenga pathupi, choncho mayi amene akufuna mwana anene zimenezi poyambirira.

Kumene zipangizo zilipo, dokotala amaboola timabowo tating'ono pamimba nkulowetsa kakamera, ndipo amachotsa timinofu tija ndi kumasula zomatirira. Njira imeneyi imatchedwa laparoscopy, ndipo bala lake limapola msanga. Njira ina ndi yong'amba pamimba.

Tisabisane: opaleshoni si mathero a nkhani. Timinofuti tikhoza kumeranso patapita zaka, nchifukwa chake ambiri amapatsidwa mahomoni pambuyo pake. Kuchotsa chotupa pa thumba la mazira kukhoza kuchepetsa mazira otsala. Kuchotsa chiberekero ndi njira yomaliza, ya amene ululu wawafika pakhosi ndipo sakuyembekezanso kubereka. Ngakhale pamenepo ululu ukhoza kutsalako, popeza timinofuti tili kunja kwa chiberekero. Kwa ambiri matendawa amazilala akasiya kusamba.

UFULU NDI UDINDO WATHU

Lamulo la dziko lino loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wolandira chithandizo cha uchembere wabwino. Mayi ali ndi ufulu wofotokozeredwa za matenda ake m'chiyankhulo chimene akumva, wofunsa ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse, ndiponso wovomera kapena kukana opaleshoni asanasaine.

Ufulu umayenda ndi udindo. Abambo aperekeze akazi awo kuchipatala ndipo pa nkhani ya kusowa mwana onse awiri ayezetse. Alangizi a mabanja aleke kuuza atsikana kuti kubereka ndiye mankhwala, chifukwa pathupi pamangopumitsa ululu kwa kanthawi. Ndalama zimene timataya kwa asing'anga zikhoza kukwanira minibasi yopita ku Queens maulendo angapo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MPHAKATI

1. Kodi kwathu kuno timanena zotani kwa mtsikana amene amadwala mwezi uliwonse?
2. Banja likasowa mwana, timaloza chala ndani? Chifukwa chiyani?
3. Nanga Mphakati wathu ungathandize bwanji mayi amene watumizidwa ku Queens koma alibe womuperekeza kapena womusamalira ana?