X-ray Siionetsa Nthenda Iyi ya Miyendo

Munthu akayenda kamtunda kocepa, monga kucoka panyumba kupita kumsika, katumba wa mwendo apweteka ngati wamangidwa ndi cingwe. Akaima pang'ono ululu utha. Ambiri amati ndi ukalamba, koma kawirikawiri ndi mitsempha yopereka magazi kumiyendo imene yacepa njira cifukwa ca mafuta omata m'kati mwake. Nthendayi ikonda osuta fodya, odwala shuga ndi a BP.

Odwala otere amaumirira X-ray, ndipo akauzidwa kuti mafupa ali bwino amabwerera kunyumba okondwa. Koma X-ray wamba siionetsa mnofu wosowa magazi.

Kucipatala amayamba ndi kupima BP pakakolo ndi pamkono. Ya pakakolo, poigawa ndi ya pamkono, ikakhala 0.9 kapena kucepera, ndiye kuti njira yacepa. Kwa a shuga cipimo ici nthawi zina cimanama, pakuti mitsempha yao imauma. Kenaka sikani ya Doppler, yofanana ndi ya amai apakati, ionetsa pamene magazi atsekeka.

Makina a MRI ndiwo apenya mnofu weniweniwo: ngati wafota, ngati mafuta alowa m'malo mwake, ndiponso mmene magazi afikiramo. Makinawa ndi ocepa ndiponso odula, motero sapimira aliyense. Zithunzi zonsezi zithandiza dokotala kusankha pakati pa mankhwala ndi kuyenda tsiku ndi tsiku, opaleshoni yotsegula mtsempha, kapena kudula mwendo.

Phazi likazizira, likamapweteka usiku, kapena cilonda ca pacala cikakana kupola, wodwala asaliwothetse pambaula. Apite kucipatala tsiku lomwelo.