Azakhali, ndikapopetse mafuta ku Joni?

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 42, ndili ndi ana anayi, ndimakhala ku Lifuwu m'boma la Salima. Geni yanga ndi ya mpunga: ndimagula kwa alimi a kusikimu, kukakonoletsa kuchigayo, n'kumatumiza ku Lilongwe. Mulungu wandidalitsa, koma madalitso ena athamangira kuthupi. Tsiku lina anyamata atatha kuyeza matumba ndinakwera pasikelo mocheza, ndipo inawerenga makilogalamu 104. Maondo amandiwawa, ndikayenda pang'ono wefuwefu, a kabaza akandiona amayang'ana kumbali. Msuweni wanga wa ku Joni wanditumizira zithunzi pa WhatsApp za amayi amene anapopedwa mafuta kuchipatala. Akuti amakugoneka pang'ono, podzuka mimba yapita. Mwana wanga woyamba akukwatiwa mu Disembala, ndiye ndikufuna nditaye makilogalamu 30 ukwati usanafike. Ndalama za mpunga wa chaka chino ndi za kubanki m'khonde ndasunga. Bambo a kunyumba akukana, akuti ndikaonda anthu aziti sakundisamala. Kodi ndipite?

Mayi wa geni, Lifuwu

Mwana wanga wa ku Lifuwu,

Ndayamba ndaseka, undikhululukire. Sikelo imene umalizira nayo alimi a mpunga ija lero yatembenukira mwini wake? Masikelo anu a geni ine ndimawadziwa, pogula amapepuka, pogulitsa amalemera. Tsono sindikudziwa ngati tsiku limenelo unadzigula kapena unadzigulitsa. Ukakwere ya kuchipatala, ndiyo ilibe mnzake.

Funso lako ndiliyankhiretu: usapite. Sindikuti msuweni wako wanama zonse. Opaleshoni yopopa mafuta ilipodi, madokotala amaitcha liposuction, ndipo inayamba kutchuka ndi dokotala wa ku Paris, Yves-Gérard Illouz, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Koma imene ilipoyo si ya ntchito imene iwe ukuifuna.

Mmene imachitikira ndi motere. Usanagone, dokotala amakuimika n'kukulemba mizere pamimba kapena m'ntchafu, pamalo pamene akufuna kuchepetsa. Akakugoneka amaboola timabala ting'onoting'ono, n'kuthira pansi pa khungu madzi a mchere osakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi ndi ena ofinya mitsempha kuti magazi asataike ambiri. Kenako amalowetsa kapaipi kachitsulo kolumikizidwa ku makina okoka, n'kumakakankha, kukabweza, kukakankha, kukabweza, kwa ola kapena kuposa. Zotulukazo zimatsikira m'botolo, zachikasu, zosakanikirana ndi madzi aja ndi magazi. Pazithunzi za pa WhatsApp gawo limeneli sajambula.

Tsopano tenga kope lako la geni tiwerengere limodzi, paja masamu a ndalama sakusowa. Bungwe la madokotala a ntchito imeneyi ku America, la American Society of Plastic Surgeons, limati zopopedwa zikapitirira malita 5 pa tsiku limodzi, imeneyo ndi opaleshoni yaikulu, yofunika kusamala kwapadera ndi kugona m'chipatala. Madokotala ambiri osamala amalekezera pamenepo kapena asanafikepo. Malita 5 ndi kachigubu ka mafuta ophikira kamene kali kukhitchini kwako kaja. M'malita amenewo muli ndi madzi amene anathira okha aja, ndiponso mafuta ndi opepuka kuposa madzi, n'chifukwa chake amayandama pamsuzi. Ndiye upite ndi 104, ubwere ndi 100 kapena kuposerapo, mpunga wa chaka chonse watsala ku Johannesburg. Wa kabaza adzayang'anabe kumbali.

Opaleshoni imeneyi anaikonzera munthu amene thupi lake lili kale pafupi ndi mlingo wake, koma pali kamalo kamodzi kamakani, kaya m'mbali mwa chiuno, kaya pansi pa chibwano, kamene kakukana kuchoka ngakhale adye bwanji. Ndi yosema maonekedwe. Ndipo imafuna khungu lolimba, lotha kubwerera lokha. Mimba imene yanyamula ana anayi ukaichotsa zamkati mwadzidzidzi, khungu limatsala lende, ndipo dokotala yemweyo adzakuuza mwaulemu kuti palinso opaleshoni ina yodula khungulo, mtengo wake wapadera.

Koma chachikulu chimene ndikufuna umve si cha sikelo. Unaonapo mbuzi ikusendedwa. Pali mafuta amene amakhala pansi pa chikopa, ndiye pali ena oyera aja amene amakuta matumbo ndi impso, amene amaoneka akaitumbula. Nafenso tili choncho. Kapaipi kaja kamangofika pa a pansi pa khungu, amene umawatsina ndi zala. Amkati sikawakhudza, ndipo kakalowa kumeneko ndiye kuti yachitika ngozi. Chonsecho amkatiwo, ndi amene amadzaza m'chiwindi, ndiwo ali pachibale kwambiri ndi shuga, BP ndi matenda a mtima.

Zimenezi anaziyesa. Mu 2004 gulu la Dr Samuel Klein la ku St. Louis, ku America, linasindikiza mu New England Journal of Medicine zimene linapeza pa amayi 15 onenepa kwambiri, ena mwa iwo odwala shuga. Anawapopa mafuta ochuluka zedi, pafupifupi makilogalamu 10 aliyense, kuposa mmene amachitira masiku onse. Patatha milungu 10 mpaka 12 anawayezanso. Chiuno chinachepa ndithu, koma BP, mafuta a m'magazi ndi mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga sizinasinthe. Diresi inakondwa, mtima sunamve n'komwe kuti kunachitika kanthu.

Ndiye pali nkhani ya kubwerera. Mu 2011 ofufuza a ku University of Colorado anasindikiza zimene anapeza atatsatira amayi amene anapopedwa m'ntchafu ndi m'munsi mwa mimba. Chaka chitatha mafuta anali atabwerera, koma osati kwenikweni pamalo akale: ambiri anakakhala kumtunda, pamimba. Thupi limawerenga katundu wake, mwana wanga, kuposa mmene iwe umawerengera matumba. Ukachotsa kuno osasintha kadyedwe, lipeza pena poika.

Za ngozi sindikufuna kukuopseza, koma zakhali wobisa mawu ndi mfiti. Mu Okutobala 2005 mayi Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria wa nthawi imeneyo, anamwalira ku Spain atachitidwa opaleshoni yomweyi, kutatsala milungu yochepa kuti akwanitse zaka 60. Kapaipi kanalowa m'mimba n'kuvulaza ziwalo zamkati, ndipo khoti la kumeneko linadzapeza dokotalayo wolakwa mu 2009. Ameneyo anali mayi wa fuko, ndalama ndi ndege zilipo. Ambiri amachira bwinobwino, inde, makamaka akapopedwa pang'ono ndi dokotala wodziwa ntchito. Koma ngozi imakula munthu akakhala wonenepa kwambiri, akakhala ndi BP kapena shuga wosadziwika, ndiponso akapopedwa zochuluka. Zitatu zonsezo zikuloza kwa iwe. Ndipo "podzuka mimba yapita" ndi bodza lamkunkhuniza: umadzuka utatupa, mabala akuchucha madzi, n'kuvala chovala chothina usana ndi usiku kwa milungu ingapo, ndipo kutupako kumatenga miyezi kuti kutheretu. Uganize chovala chimenecho ndi dzuwa la ku Salima la mu Novembala. Uganizenso ulendo wa basi wobwerera, kudutsa Beitbridge, Zimbabwe yense, Tete mpaka Dedza, uli chikhalire. Munthu wongochitidwa opaleshoni akakhala nthawi yaitali osayenda, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibulumacho chikathawira kumapapo, ukwati wa mu Disembala usanduka zina.

Msuweni wakoyo umufunse funso limodzi: amayi a pazithunziwo amawadziwa? Anawaonapo patatha zaka ziwiri? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo popeza ndikudziwa kuti ukasiya za ku Joni uyamba kufufuza zapafupi, ndikuuziretu: matiyi oondetsa a pa Facebook ambiri ndi mankhwala otsegula m'mimba, chimene umataya ndi madzi ndi ulemu. Malamba omanga pamimba amangosuntha katundu kwa maola ochepa. Dokotala aliyense wofuna kukubaya kapena kukucheka, kuno kwathu ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa zimenezo si mwano.

Chithandizo cha kuchipatala cha kunenepa kwambiri chilipo, koma ndi china. Pali opaleshoni yochepetsa chifu kuti munthu azikhuta msanga, imene imachotsadi makilogalamu ambiri, koma ndi yaikulu ndipo imasintha kadyedwe moyo wonse. Palinso majakisoni atsopano monga semaglutide, odula kwambiri, ndipo ukawasiya thupi limakonda kubwerera. Zimenezo amasankha ndi dokotala atakuyeza, osati msuweni.

Tsopano tibwere kwanu, ndikuuze kumene makilogalamuwo anachokera, ngakhale sindinakuonepo. Kale unkalowa wekha m'matope kuwokera mpunga, kupalira, kumweta, kusenza mtolo pamutu. Lero uli pampando pansi pa mtengo, foni m'manja, kachikwama m'chiuno, anyamata ndiwo akusenza. Koma mbale sinadziwe kuti ntchito inasintha. M'mawa tiyi wamkaka wa masupuni anayi a shuga, ndi mandasi, kapena mkute wa mpunga wothiranso shuga. Ukafika pa Kamuzu Road kudikira galimoto, chipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chozizira, poti kwatentha. Masana nsima ya ufa woyera mitanda itatu, nsomba yosambira m'mafuta. Usiku mpunga wa Kilombero, ndipo fungo lake ndani angakane kuwonjezera? Ndanama pati?

Suli wekha. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno ndi onenepa kupitirira mlingo. Wina wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yako si diresi ya paukwati ayi. Ndi wefuwefu uja.

Choncho ulendo wako woyamba ndi wapafupi, pachipatala chanu cha Lifuwu pomwepo, ndipo zikafunika akutumiza kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima. Akakuyeze BP ndi shuga, uwauze za kupuma ndi maondo. Ngati uli pa jakisoni wolera wa miyezi itatu, uwauzenso, chifukwa amayi ena amanenepa naye ndipo njira zina zilipo. Koma usasiye wekha, ungatipatse mdzukulu ndi mwana chaka chimodzi. Telala wako akubwereke tepi uyeze chiuno podutsa pamchombo. Kwa mayi, chikapitirira masentimita 88 ndiye kuti mafuta amkati aja achuluka, ndipo tepiyo izikuuza zoona kuposa sikelo ya mpunga.

Za kudya sindikulembera mndandanda wa zakudya za m'mabuku zimene ku Lifuwu kulibe. Anthu a ku Lilongwe amalipira ndalama zambiri kuti adye zimene iwe umazidutsa m'mawa uliwonse pagombe. Usipa ndi utaka wofutsa kapena wootcha, chambo chowamba m'malo mokazinga, bonongwe, nkhwani, chisoso, therere, nyemba. Ndiwo zichuluke, nsima ichepe: mitanda itatu ikhale iwiri, pakapita mwezi utsale mtanda umodzi ndi theka, ndipo mgaiwa ubwerere m'nyumba ngakhale ana anyinyirike. Mpunga ndi nsima zisakumane tsiku lililonse. Shuga wa mutiyi umutsitse supuni imodzi sabata iliyonse mpaka lilime lizolowere. Zakumwa za m'botolo zisiyire alendo. Ndipo uyende. A World Health Organization amati mphindi 150 pa sabata, ndiko kuti theka la ola masiku asanu. Dzuka dzuwa lisanakwiye, tsata m'mphepete mwa nyanja kapena njira ya kusikimu, ukaone wekha mpunga umene ukugula. Maondo akavuta yamba ndi mphindi 10.

Makilogalamu 30 pofika Disembala iwalako. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino kwa thupi. Madokotala amati munthu akataya magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwake, BP ndi shuga zimayamba kutsika, maondo amapepukidwa. Kwa iwe amenewo ndi makilogalamu 5 mpaka 10. Ndi ochepa powamva, koma ndi ofanana kapena kuposa amene ukanakagula ku Joni, ndipo awa amachoka ndi amkati omwe.

Apongozi anga, bambo a kunyumbawo, uwawerengere ndime iyi mokweza. Bambo, pokaniza ulendo mwachita bwino, koma chifukwa chanu n'chopotoka. Ndikudziwa kumene mantha amenewo anachokera: tinadutsa m'zaka zimene munthu akangoonda, mudzi wonse unkanong'onezana za matenda, ndipo kunenepa kwa mkazi kunkakhala satifiketi ya mwamuna. Koma anthu amene mukuwaopawo sadzabwera kudzakuthandizani kutembenuza wodwala sitiroko pamphasa. Ngati mukufuna aone kuti mumasamala, muzidzuka naye m'mawa muziyenda limodzi. Ndikukayikiranso kuti malamba a mathalauza anu akumangira pabowo loyamba lija.

Iwe mwana wanga, ndalamazo ugawe: zina zibwerere ku geni, zina zigule nsalu yabwino, telala asoke diresi ya thupi limene uli nalo, asiye malo obweza mkati. Make mkwatibwi amavina ndi chiuno chimene ali nacho, ndipo pa pelekanipelekani palibe amene amabwera ndi sikelo. Lolemba likubwerali upite kuchipatala usanadye kanthu, kuti shuga akamuyeze bwino, ndipo undilemberenso manambala atatu: a BP, a shuga ndi a tepi ya telala. Khadi la ukwati usaiwale kuikamo.

Ndine,
Azakhali ako