Kulera Kamwana ka Mphaka

Mwakolola chimanga. Mwachiika m'nkhokwe kapena m'matumba. Usiku mukumva phokoso kudenga. Amenewo ndi makoswe, abwera kudzadya thukuta lanu. Ndiye mukuti, "Mawa ndikapemphe kamphaka kwa anansi." Nzeru imeneyo ndi yabwino. Koma timphaka tambiri timafa tisanagwire khoswe ndi mmodzi yemwe. Tina timakula tolusa, n'kuthawira kutchire.

Choyamba, musafulumire kukatenga. Kamphaka kamabadwa kosaona. Kamatsegula maso pakapita masiku 7 mpaka 10. Pa masabata 4 kamayamba kulawa chakudya, koma kamayamwabe. Dikirani kakwanitse masabata 8, ndiyo miyezi iwiri.

Ine ndinalakwapo pamenepa. Ndinatenga ka masabata atatu, n'kumakapatsa mkaka wa ng'ombe. Kanatsegula m'mimba, ndipo sabata isanathe kanafa. Ana anga analira tsiku lonse. Mkaka wa ng'ombe sugwirizana ndi mimba ya amphaka ambiri.

Khalidwe la mphaka limayambira komwe wabadwira. Kuyambira masabata 2 mpaka 7 ndi pamene kamphaka kamazolowera anthu. Kakapanda kugwiridwa nthawi imeneyi, kamakula kamantha. Choncho posankha, khalani pansi, mutambasule dzanja. Kamene kabwera kudzanunkhiza zala zanu, tengani komweko.

Mukafika nako kwanu, katsekereni m'chipinda chimodzi masiku angapo. Ikani nsanza m'dengu kuti kazigonamo. Pakona ikani beseni lakale la mchenga. Kakadya, kaikeni pamchengapo. Sikachedwa kudziwa kuti chimbudzi chake ndi chimenecho.

Auzeni ana kuti azikanyamula ndi manja awiri, osati kukakoka mchira. Aziseweretsa ndi kachingwe kapena chitsononkho, osati zala. Mphaka amene anazolowera kuluma zala ali wamng'ono sasiya akakula. Ndipo musakamenye ayi. Mphaka womenyedwa saphunzira kanthu, amangokuopani basi. Galu wa pakhomo akaone kamphakako inu muli pomwepo, kufikira atazolowerana.

Nanga chakudya? Ena amati mphaka wokhuta sagwira makoswe. Si zoona zimenezo. Mphaka amasaka ngakhale atakhuta, chifukwa ndi chibadwa chake. Wanjala ndi amene amaba ndiwo pamoto ndi kugwira anapiye. Dziwaninso kuti mphaka ndi nyama yodya nyama. Nsima yokha simukwana. Kapatseni usipa kapena matemba ophika opanda mchere, dzira lophika, kapena tizidutswa ta nyama. Kadye pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi pa tsiku. Ndiwo za anyezi musakapatse, anyezi amawononga magazi a mphaka. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse.

Tsopano mvetsetsani za mankhwala. Panado amene amatithandiza ife amapha mphaka, ngakhale kachidutswa chabe. Mankhwala ena ophera nkhupakupa pa agalu nawonso amapha mphaka. Ngati mwaweta mphaka, lekani kuthira mankhwala a makoswe, chifukwa akadya khoswe wa poizoni naye akhoza kufa. Mukaona nthata kapena njoka za m'mimba, funsani alangizi a ziweto.

Kakakwanitsa miyezi itatu, kapititseni kukabayitsa katemera wa chiwewe. Si agalu okha amene amadwala chiwewe. Muli komweko, funsani za opaleshoni yoletsa kubereka. Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, ndipo bere lake ndi la masabata 9.

Mchenga wa m'beseni uzitayidwa tsiku lililonse, wotayayo n'kusamba m'manja ndi sopo. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, pakuti m'chimbudzi cha mphaka mumakhala tizilombo toopsa kwa mwana wa m'mimba.

Mphaka kapena galu akaluma munthu kapena kumukala mpaka kutuluka magazi, tsukani chilondacho ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mukatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone ngati chitupe.