Mwana Akufuna Maphunziro a Bizinesi? Sikelo Yake Iyambe Msanga

Amayi anzanga, patsamba lino mwazolowera kumva za sikelo, katemera ndi phala la ana. Ulendo uno tikambe za mwana yemwe uja atakula, ali Fomu 3 kapena Fomu 4, ndipo wakuuzani kuti akufuna kudzaphunzira za bizinesi ku yunivesite. Ambiri a ife timayankha kuti, "Tidzaona mayeso akatuluka." Yankho limeneli limandikumbutsa mayi amene amabwera kusikelo koyamba mimba ili ndi miyezi 7. Timamulandira ndithu, koma zambiri zimene tikadamuchitira zimakhala zitadutsa kale.

Mwina mwana wanu waona pa foni kuti ku America wophunzira amatha kupempha malo ku yunivesite asanamalize sekondale, amatumiza mapepala mu November ndipo mu December amakhala atamva yankho. Zimenezo n'zoona, koma ndi za kumeneko. Kuno kwathu malo amaperekedwa potengera zotsatira za mayeso a MSCE ochokera ku MANEB. Palibe amene angamusungire mwana wanu malo zotsatira zisanatuluke, ndipo wina akakuuzani kuti angathe kutero mukamupatsa kenakake, gwirani chikwama chanu zolimba. Kufulumira kwathu kuno n'kwa mtundu wina: n'kuti tsiku limene khomo latsegulidwa likupezeni zonse zili m'manja.

Makomo ake ndi awiri. Loyamba ndi la mayunivesite a boma, omwe alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, MUST ku Thyolo ndi MZUNI ku Mzuzu. Mwana sapempha malo ku yunivesite iliyonse payokhapayokha. Amapempha kamodzi kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo amalemba maphunziro angapo motsatana, kuyambira amene akuwafuna kwambiri. Kwa wofuna za bizinesi, dzina loyamba kulidziwa ndi MUBAS, yomwe ife akale timaitchulabe Polytechnic. Idaima payokha mu 2021, ndipo kumeneko kuli madigiri a kuwerengera ndalama ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Njira ya kota, yosankha potengera boma limene mwana akuchokera, idathetsedwa mu 2020, choncho mwana wa ku Ntaja akupikisana ndi wa ku Blantyre ndi wa ku Mzuzu pa mapointi.

Khomo lachiwiri ndi la mayunivesite omwe si a boma. Yathu ya Mpingo, Catholic University of Malawi, ili ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Maepiskopi athu adaitsegula mu 2006, ndipo ili ndi gawo la maphunziro a zamalonda. Pafupi nafe ku Mangochi kuli DMI St John the Baptist University. Kumalo ngati amenewa mwana amapempha yekha mwachindunji, yunivesite ikalengeza. Palibe chomuletsa kugogoda makomo onse awiri, ndipo ine ndimalangiza kutero, chifukwa ana okhoza bwino ndi ambiri kuposa malo a m'mayunivesite a boma.

Tsono sikelo ija imayamba liti? Imayamba ku Fomu 3, ndipo imayambira pa masamu. Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Yunivesite imafuna makirediti osachepera 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa. Akachepa mapointi ndiye kuti zayenda. Koma maphunziro a bizinesi amafunanso kirediti ya masamu. Apa ndi pamene ana athu ambiri amagwera, makamaka atsikana, omwe adamva kuyambira ku pulayimale kuti masamu ndi a anyamata. Mtsikana angakhoze Chichewa, Baibulo ndi mbiri yakale mochititsa kaso, koma akapeza 7 pa masamu khomo la digiri ya bizinesi limamutsekekera. Ine bodza la masamu a anyamatali limandipsetsa mtima. Mwana amene amakuwerengerani chenji pa msika wa Liwonde osaphonya ngakhale tambala, amene amadziwa kuti pa thumba la mpunga mwapindula zingati mutachotsa za kabaza, mutu wa masamu ali nawo. Chimene akusowa ndi nthawi. Mumuchotsere ntchito zina za madzulo, mumupezere nyali, ndipo kamodzi pa teremu mupite nokha kukaonana ndi mphunzitsi wa masamu. Simukufunika kudziwa masamuwo kuti mufunse kuti, "Aphunzitsi, mwanayu akuvutika pati?"

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndaona misozi yambiri. Kukoleji kumene ndimaphunzitsa anamwino ndi azamba, nthawi yolandira ophunzira atsopano sitilephera kupeza mwana amene dzina la pa satifiketi likusiyana ndi la pa chiphaso cha unzika. Kwathu kuno mwana amakhala ndi dzina lobadwa nalo, la ubatizo, nthawi zina la kuchinamwali, ndipo kusukulu adalembetsa ndi dzina la amalume amene ankamulipirira. Ena chaka chobadwa chidalembedwa mongoyerekeza. Kwa ife kumudzi ndi munthu mmodzi yemweyo, koma kompyuta siidziwa zimenezo. Tengani mapepala onse muwayale pa mphasa: kalata ya ubatizo, chiphaso cha unzika chimene mwana amatenga akakwanitsa zaka 16, ndi dzina limene sukulu yalembetsa ku mayeso. Ngati chilembo chimodzi chokha chasiyana, pitani kwa ahedi mwana akadali pasukulu. Kukonza dzina satifiketi itatuluka kale ndi ulendo wautali, ndipo tsiku lotsekera mafomu silidikira munthu.

Masiku ano kupempha malo kumachitika pa intaneti. Mwana akhale ndi nambala ya foni yake kapena yanu yomwe siisinthasintha, asalembe ya mnzake wa kusukulu amene mawa adzakhala ali ku Joni. Ngati akukathandizidwa kumalo ogwiritsa ntchito kompyuta ku Balaka kapena ku Liwonde, akhale pomwepo, awerenge yekha zonse zisanatumizidwe, ndipo nambala yachinsinsi ailembe m'kope lake. Ndalama yolembetsera iperekedwe m'njira yokhayo imene yalembedwa pa chilengezo, lisiti lisungidwe. Chilengezo chomwecho chimanenanso zaka za mayeso zimene zikulandiridwa, kotero amene akuti "ndipume kaye zaka zingapo" adziwe kuti satifiketi imakalamba.

Posankha maphunziro, ana amakonda kulemba okhaokha otchuka amene aliyense akuwafuna. Khalani naye pansi, pamodzi ndi mphunzitsi kapena wina wa m'parishi amene adadutsamo, ayang'ane mapointi ake moona mtima. Poyamba alembe chimene mtima wake ukufuna, koma m'munsimo aikemo ena amene mapointi ake angafikire. Ndipo musanalipire kusukulu iliyonse yomwe si ya boma, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, komanso ngati maphunziro enieni amene mwana akufunawo ndi ovomerezeka. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. NCHE imatulutsa mndandanda wake, ndipo mwana angauone pa foni. Kugulitsa mbuzi zonse chifukwa cha pepala limene olemba ntchito adzalikana n'kopweteka kuposa kusapita kumene.

Za ndalama sindikunamizani, digiri ndi zaka 4 ndipo ndi yodula. Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira ovutika, HESLGB, limene lidayamba mu 2015. Mwana amapempha akapatsidwa malo, si onse opempha amene amalandira, ndipo ndi ngongole yodzabweza akamaliza, osati mphatso. Ngakhale ailandire, thiransipoti, zofunda, sopo ndi chakudya cha masabata oyamba zimachoka m'thumba mwanu. Inu amene muli m'banki m'khonde mukudziwa kale kachitidwe kake. Mukagawana kumapeto kwa chaka mwana ali Fomu 3, gawo lina likhale lake. Thonje la ku Balaka kapena nandolo zikagulitsidwa, patulani kangachepe, ndipo bambo a kunyumba adziwe za chikonzerochi kuyambira pachiyambi, lisadzakhale dzidzidzi la tsiku limene dzina la mwana latuluka.

Tsopano chimene chandichititsa ine mzamba kulemba nkhani ya sukulu. Kuchokera pamene mwana walemba mayeso mpaka tsiku lokayamba ku yunivesite pamadutsa miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Mtsikana amakhala pakhomo, yunifomu wavula, ndipo pamudzi ayamba kumuona ngati wamkulu wongodikira banja. Anyamata obwera ku Joni ndi njinga zamoto ndi mafoni amakhala ali pomwepo. Ndidathandizapo mtsikana wina kuchira amene dzina lake lidatuluka pa mndandanda wa osankhidwa ali ndi pakati pa miyezi 6. Mayi ake adandiuza kuti, "Tinkayesa kuti zalephereka, nanga kunali zii." Sikuti zidalephereka, kusankha kunali kusanachitike. Palibe amene adawauza kuti kudikirako n'kwachizolowezi. Malamulo a dziko lino, kuyambira mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma ambiri omaliza Fomu 4 amakhala atakwanitsa kale zakazo, ndiye lamulo silingawatchingire. Amene angawatchingire ndi inu ndi atsibweni ake.

Miyezi imeneyi mudzazeni ndi ntchito ya chimene akufuna kudzaphunziracho. Mupatseni kope la geni yanu alembe zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse. Athandize mlembi wa banki m'khonde kuwerengera masheya ndi chiwongoladzanja. Ngati msungichuma wa mphakati kapena wa bungwe lathu akuvutika ndi mabuku, mtsikanayo akhale pambali pake. Aphunzire kompyuta ngati mungakwanitse. Ndipo muzilankhula naye za thupi lake ndi za anyamata momasuka, inuyo mayi ake, osangosiyira anankungwi. Zikachitika kuti watenga pakati, musang'ambe mapepala ake. Mubweretseni kusikelo, achire bwino, sukulu idzapitirire.

Dzina likapanda kutuluka, njira sinathe. Angabwereze maphunziro amene adagwa, makamaka masamu aja. Angayambe ndi satifiketi kapena dipuloma ya kuwerengera ndalama ku Malawi College of Accountancy, n'kumalemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno. Ambiri amene mukuwaona m'mabanki ndi m'maofesi adakwera makwerero amenewa, digiri n'kudzaitenga pambuyo ali pantchito.

Pamsonkhano wanu wotsatira, amayi apampando afunse kuti m'mphakati uliwonse muli ana angati a Fomu 3 ndi Fomu 4, mayina awo alembedwe, ndipo pasankhidwe mayi mmodzi wokhala ndi foni ya intaneti woti azimvetsera zolengeza za NCHE ndi za mayunivesite n'kumazinena m'tchalitchi pambuyo pa Misa. Mayi aliyense amene ali ndi mwana pa mndandandawo adzabwere ndi mapepala atatu aja, tidzayerekeze mayina.