Pakhonde la Azakhali: N48.4 si msewu wopita kwa chibwenzi

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, tikukhala ku Joni ndi bambo a kunyumba. Medical aid ndi ya kuntchito kwanga, iwo ndinangowalembetsapo. Sabata yatha kwabwera sitetimenti yosonyeza kuti anakaonana ndi dokotala mwakabisira, ndipo pambali pa dzina lawo palembedwa N48.4. A medical aid akana kulipira mankhwala ake. Nditafunsa anangoti "ndi zakuchipatala" n'kutuluka panja. Miyezi isanu tsopano akugona choyang'ana kukhoma. Kodi si matenda otenga kwa akazi ena amenewa? Ndiitane ankhoswe?

Mayi wosowa tulo, Johannesburg

Mwanawe,

Ankhoswe asiye apalire chimanga kumudzi, usawathere mayunitsi. Ndikuona mutu wako wakwera kale N1, wadutsa Polokwane, ukusaka nyumba ya mkazi mnzako. Bwerera. Wachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Nambala imeneyo yachokera m'kaundula wa matenda wa bungwe la WHO, wotchedwa ICD-10. Ku South Africa kumeneko, kuyambira 2005, dokotala akamatumiza bilu ku medical aid amayenera kuikapo nambala ya matenda, apo ayi ndalama sizituluka. Chilembo N ndi cha matenda a impso, chikhodzodzo ndi ziwalo zobisika. N48.4 ikunena kuti tambala wa pakhomo pako wasiya kulira, ndipo chifukwa chake chili m'thupi: mitsempha, magazi kapena zina zotere. Vuto likanakhala la maganizo, monga nkhawa, akanalemba F52.2. Matenda amene ukuwaganizirawo ambiri amakhala ku chilembo A ndi B, kutali ndi kumene kuli mkamwini wathuyu. Ukafufuza pa intaneti upeza N52, usasokonezeke, imeneyo ndi ya ku America.

Ndiye mwamuna amene wamuweruza kale kuti akuyenda njira ziwiri, ngakhale imodzi yomweyi ikumukanika. Kukhomako sakulota munthu ayi, akubisa nkhope. Ndipo ndimuyamikire: amuna ambiri amayamba atafuna gondolosi mpaka nsagwada kuwawa, kenako n'kumaimba foni pa timapepala tomata m'mapolo a magetsi. Wako anapita yekha kwa dokotala. Cholakwa chake n'chimodzi: anaiwala kuti sitetimenti imapita kwa mwini khadi.

Tsono za ndalama. Pa bilu pamakhala nambala zamitundu itatu. Ina imanena matenda, ina imanena ntchito imene dokotala wagwira, ina ndi ya mankhwala, yomwe kumeneko amati NAPPI. Kompyuta ya medical aid ilibe chisoni, imangoyang'ana ngati zitatuzi zikugwirizana ndi pulani imene umalipira. Mapulani ambiri mapiritsi odzutsa tambala anawaika pa mndandanda wa zinthu zosalipiridwa, n'chifukwa chake bambowo anapisa m'thumba.

Ndikudziwa zimene mnzako wa ku saluni akuuze: "Kamunyengerereni dokotala alembe nambala ina." Usayerekeze. Kumeneko ndi kuba, dokotala akhoza kulandidwa chiphaso, inunso n'kuchotsedwa pa medical aid. Komanso nambala yabodza imatsala m'faelo, ndipo dokotala wa mawa adzachiza matenda amene bambowo alibe.

Njira yoongoka ilipo. Tambala sasiya kulira popanda chifukwa. Kawirikawiri kumbuyo kwake kumakhala shuga, BP, mafuta ochuluka m'magazi, fodya, mowa, ngakhalenso mankhwala ena amene munthu akumwa. Mitsempha ya magazi ya kumusiko ndi yopapatiza kuposa ya mtima, choncho ikayamba kutsekeka, kumusi ndiko kumayamba kudandaula, nthawi zina zaka zingapo mtima usanavute. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chimaimba, ndipo iwe waimva ng'omayo miyezi isanu, n'kumati ndi ya chinkhoswe cha mkazi wina.

Lamulo la medical aid la ku South Africa la 1998 linabweretsa chimene amati PMB, ndiye kuti thandizo limene pulani iliyonse, ngakhale yotchipa, iyenera kupereka. Shuga ndi BP zili pa mndandanda umenewo. Dokotala akayeza n'kupeza shuga, kawirikawiri adzalemba nambala yoyamba ndi E11, akapeza BP adzalemba I10, ndipo mukalembetsa matendawo kuti ndi amgonagona, mankhwala ake azilipiridwa motsata malamulo a pulaniyo. Apo palibe chinyengo, mwanena zoona zonse m'malo monena theka. Akakana zimene akuyenera kulipira, pemphani chifukwa cholembedwa, zikakanika kadandauleni ku Council for Medical Schemes.

Chenjezo limodzi, ndipo apa sindikuseka. Piritsi la buluu lija, sildenafil, limene linayamba kugulitsidwa mu 1998 ndi dzina la Viagra, poyamba ankaliyesa ngati mankhwala a kupweteka kwa pachifuwa kochokera ku mtima. Limatsegula mitsempha ya magazi. Munthu amene amamwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate, monga timapiritsi toika pansi pa lilime, akaphatikiza ziwirizi BP imagwa mpaka kukomoka, ena osadzukanso. Za pamsika zolembedwa kuti "zachilengedwe" zina amathiramo sildenafil mobisa. Bambowo asameze chilichonse dokotala asanadziwe zonse zimene akumwa.

Tsopano ntchito yako. Usawaponyere pepalalo pa mbale ya nsima ngati wapolisi, ndipo mawu oti "munagwa mu mpapaya" asatuluke pakamwa pako, olo mutakangana bwanji. Ana akagona, khala nawo pafupi, uwauze kuti: "Bambo, nambala ija ndaidziwa. Ulendo wina tipitire limodzi, akakuyezeni shuga ndi BP." Akachita manyazi, asiye achite, manyazi sapha. Ku gulu la amayi la pa WhatsApp nkhaniyi isafikeko, ngakhale mwa dzina la pemphero.

Tambalayo akadzayambanso kulira, usandilembere tsatanetsatane, ine ndakalamba. Ungonditumizira chitenje, ndidzamva.

Ndine Azakhali ako